MAWU A MLANGIZI: Galimoto Ikakana Kutseguka

Alimi anzanga a ku Salima ndi a m'mbali monse mwa nyanja, sabata ino titule makasu pang'ono, tikambe za galimoto. Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi wayamba liti umakanika?" Yankho lake nlakuti galimoto inalowa kale m'ulimi. Mpunga wa ku Lifuwu, thonje la ku Chitala ndi ku Khombedza, usipa wa ku Senga Bay ndi ku Chipoka, zonsezi zimafika pamsika zitakwera matayala. Makalabu ena asonkha ndalama nagula galimoto yawoyawo. Ndipo usiku mayi woyembekezera matenda akayamba, galimoto yomweyo ndiyo ambulansi ya mudzi wonse.

Galimoto zambiri zimene tikugula masiku ano nzogwirapo kale ntchito ku Japan. Zimatsikira padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Zina mwa izo zilibe kiyi wopisa monga tinazolowera, koma kanthu kakang'ono konga bokosi la machesi, kamene anyamata amakatcha rimoti. Mukadina kabatani kake zitseko zimatseguka zokha. Nzokoma ndithu, kufikira tsiku limene mudzadina koma galimoto ili duu. Pamenepo mudzaona amuna akulu akupisa mawaya m'mbali mwa galasi, ena akupana chitseko ndi chitsulo, wina akufunafuna mwala. Abale, zonsezi nkuwononga chuma popanda chifukwa.

Tengani rimotiyo muitembenuze. Cham'mbali kapena kumbuyo kwake mudzapeza kanthu kotsetsereka kapena kodina. Mukakankha kameneko ndi chikhadabo, mudzasolola kiyi wachitsulo amene anabisidwa m'kati mwake. Kiyi ameneyu safuna moto uliwonse. Pitani naye ku chitseko cha dalaivala, ndicho cha kudzanja lamanja, pakuti kawirikawiri zitseko zinazo zilibe bowo la kiyi. Galimoto zina bowolo limaoneka poyera. Zina analiphimba ndi kachivundikiro kumapeto kwa chogwirira chitseko. Yang'anani kunsi kwa kachivundikiroko, pali kampata kakang'ono: pisanipo nsonga ya kiyi ndi kutukula mofatsa, ndipo bowo lidzaonekera. Galimoto ikayamba kulira ngati kwabwera mbala musachite mantha, imaleka injini ikalira. Zitseko zinazo mudzazitsegula ndi dzanja muli m'kati.

Tsono mutalowa, dziwani kuti mabatire alipo awiri, ndipo muyenera kuzindikira limene latha moto. Yatsani nyali, imbani hutala. Ngati nyali zikuwala bwino ndipo hutala ikumveka, vuto ndi kabatire ka m'rimoti, kooneka ngati ndalama yachitsulo. Rimoti zambiri zimadya kolembedwa CR2032, koma tsegulani yanu muwerenge nokha musanagule. Ngakhale katatha moto, galimoto ingathe kulira: pondani buleki, gunditsani rimoti pa batani lolizira injini, ndipo dinani. Galimoto zina zili ndi kathumba kake koikamo rimoti pa nthawi yotere.

Koma ngati nyali sizikuyaka, kapena zikungofiira ngati chikuni cham'mawa, ndiye kuti latha ndi batire lalikulu lija lolembedwa 12V. Chotsegulira boneti chili pafupi ndi bondo la dalaivala, ndipo chimakoka ndi waya, sichidalira moto. Pemphani mnzanu abwere ndi galimoto yake ndi mawaya awiri aakulu okhala ndi zopanira. Samalani dongosolo lake, pakuti apa ndi pamene ambiri amaotcha galimoto. Waya wofiira uyambe pa mutu wa + wa batire lakufa, upite pa + wa batire lamoyo. Waya wakuda uyambe pa − wa batire lamoyo, ndipo nsonga inayo muipanitse pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire. Lizani yamoyo, dikirani mphindi zingapo, kenaka yesani yanu. Pochotsa mawaya yambani ndi umene munamalizira. Musabwereke moto ku lole yaikulu, chifukwa zambiri zimayendera 24V ndipo zingapsereze zamagetsi zonse za galimoto yaing'ono. Wosuta fodya aime kutali, batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka.

Nanga kukankha? Galimoto ya magiya apamanja ingathe kulira poikankha ngati batire likadali ndi kamoto pang'ono. Koma ya otomatiki, ngakhale mutaitana mudzi wonse ndi nyakwawa yomwe, mudzaikankha kuchokera pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay osalira.

Pali chinthu chimene ndikufuna muchite lero lomwe, vuto lisanafike. Bowo la kiyi likakhala zaka osagwira ntchito limauma. Kuno kwathu mwera umaulutsa mchenga ndi fumbi, dzinja likadza dzimbiri limalowa, ndipo tsiku la tsoka kiyi amakana kuzungulira. Chotero kamodzi pamwezi tsekani ndi kutsegula chitseko ndi kiyi wachitsuloyo, ndipo dontheziranimo timafuta topepuka, osati girizi amene amagwira mchenga. Ngati walimba musamukakamize, angathyokere m'kati. Inu amene mukufuna kugula galimoto, sololani kiyiyo pamaso pa wogulitsa ndi kumuyesa pachitseko musanapereke ndalama. Galimoto zina zimafika rimoti ili yopanda kiyi m'kati, zina kiyi wake ndi wa galimoto ina. Ngati ndi ya kalabu, dulitsani kiyi wachitsulo wachiwiri asunge msungichuma kunyumba kwake. Kusunga kiyi wapadera m'galimoto momwemo kuli ngati kutsekera makwerero m'nkhokwe.

Batire lenilenilo limatha msanga kuno kunyanja kusiyana ndi kumtunda monga ku Dedza, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi ake. Ngati lanu lili ndi zitsekerero pamwamba, suzumiranimo mwezi uliwonse, ndipo madzi akachepa thiranimo madzi a batire ogula, osati a pamjigo kapena a m'nyanja. Chinanso ndi ife tomwe. Galimoto taisandutsa potchajira mafoni a mudzi wonse ndi poimbira nyimbo pa chinkhoswe injini itazima. M'dzinja misewu ya kumidzi ikaterera timaiimika pansi pa mtengo wa mango milungu yambiri, osadziwa kuti ngakhale itaima imamwabe moto pang'onopang'ono. Iyendetseni kamodzi pasabata. Mukalephera, masulani waya wa pa mutu wa − ndi kutseka chitseko ndi kiyi wachitsulo.

Ndanena kuti musaswe galasi. Koma ilipo nthawi imodzi imene muyenera kuliswa osafunsa mwini wake: pamene mwana watsekeredwa m'kati ndipo kiyi palibe. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala mukulidziwa nokha. M'galimoto yotseka kutentha kumakwera ndi madigiri ngati 10 pa mphindi 10 zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Musatume munthu kukaitana makanika ku boma. Sankhani galasi la chitseko chimene chili kutali ndi mwanayo, mulimenye pangodya ndi chitsulo chosongoka. La kutsogolo lisiyeni, pakuti lili ndi pulasitiki pakati ndipo limangong'aluka osaboka. Mutamutulutsa, muikeni pamthunzi, muvuleni zovala, mumuthire madzi ozizira, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka ngati watsitsimuka. Galimoto yoima pabwalo muziitseka nthawi zonse, ndipo rimoti ikhale pamene ana sangafike, chifukwa iwo amaiyesa choseweretsa.

Sabata ya mawa tidzabwerera kumunda, tidzakamba za kukonza nazale ya mpunga mvula isanagwe.