Tinagula mapuleti a klatchi kawiri, pomwe vuto linali m'botolo la oyilo

Tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Manyamula kuchokera ku Mzuzu, ndinapeza njinga yamoto ya pakhomo itatsamira khoma la khitchini, nkhuku zikusamba fumbi pansi pake. Mtima unandigunda, chifukwa njinga imeneyo ndiyo imandilipirira lendi ku Luwinga. Achimwene athu amene ali ku Joni anatumiza ndalama, adada n'kukagula kwa bungwe lina lomwe linkagulitsa katundu wake pulojekiti itatha. Ndi ya mtundu wautali uja wa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, gulu la Yamaha AG 200 ndi Honda XL, zopangidwira mchenga, matope ndi mabampu. Mng'ono wanga amachita nayo kabaza: anthu opita kuboma, odwala a ku Embangweni, matumba a chimanga ndi feteleza.

Vuto lake linali ili. Akanyamula munthu ndi katundu n'kufika pachitunda, akaponda moto injini inkangolira mokweza koma liwiro osawonjezeka. Anapita nayo kwa makaniko wina wa pafupi, yemwe anangomvetsera n'kunena kuti mapuleti a klatchi atha. Anagula ena n'kuikamo. Patangotha miyezi iwiri matenda aja anabwerera. Anagulanso ena, ndipo ulendo uno ndalama yake inali imene ndimayembekezera ine. Atayambiranso kachitatu, adada anati njingayo ndi yotembereredwa, aigulitse basi.

Ndinawapempha kuti tiyesere kamodzi kotsiriza. Tinaikankhira m'galimoto mpaka kuboma, kwa bambo wina wachikulire amene amakonzera njinga pansi pa mtengo. Asanagwire sipanala anafunsa mng'ono wanga kuti, "Iwe mnyamata, oyilo umathira wanji?" Iye anayankha kuti amagula wa m'mabotolo a madzi akumwa, wopungula m'chigubu, woti galimoto ndi njinga n'chimodzimodzi. Bambo aja anangopukusa mutu.

Zimene anatifotokozera ndinakazitsimikiza m'buku la njingayo lomwe ndinalipeza pa intaneti. Klatchi ya galimoto zambiri imakhala youma, oyilo saifika. Ya njinga ngati yathuyi imakhala yomira mu oyilo yemweyo wa injini. Mkati mwake muli mapuleti osanjikizana, ena achitsulo chokhachokha, ena omatidwa zinthu zokhakhala, ndipo masipuling'i amawapanikiza pamodzi kuti mphamvu ya injini ifike kutayala. Oyilo wina wa galimoto amaikidwa mankhwala oteleretsa kwambiri kuti galimoto isamamwe mafuta ambiri. Mankhwala omwewo akalowa m'mapuleti a njinga, amayamba kutererana m'malo mogwirana, kenako amatentha n'kusalala ngati galasi. N'chifukwa chake kuyambira mu 1998 ku Japan anakhazikitsa muyezo wa oyilo wa njinga, ndipo pabotolo loyenera pamalembedwa kuti JASO MA kapena MA2. Botolo la madzi akumwa silinena kalikonse.

Anapezanso zina ziwiri. Kebulo ya klatchi inali yokokedwa mpaka gwa, popanda mpata. Pa njinga zambiri chogwirira chiyenera kuyenda chokha mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake chisanayambe kukoka. Popanda mpatawo klatchi imakhala ngati mwaifinya pang'ono ulendo wonse. Komanso makaniko woyamba uja ankaika mapuleti atsopano ali ouma, osawaviika kaye mu oyilo, ndipo achitsulo aja sankawayang'ana n'komwe. Bambowa anawagoneka limodzilimodzi pa galasi, ndipo awiri ankagwedera chifukwa anapindika ndi kutentha. Anasintha zoyenera kusintha, anataya oyilo yense wakale, anamasula kebulo. Mpaka lero njinga ikukwera zitunda.

Anthu amene ndawauza nkhaniyi amathamangira ku maganizo awiri, ndipo onse ndikuwakana.

Oyamba amati wogula kaunjika asadandaule, tikanagula yatsopano. Amenewa aiwala kumene tikukhala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo njinga ndi zipangizo zake zonse timagula kunja. Banja la ku Mzimba lomwe likudalira mwana wogwira ganyu ku Johannesburg limagula chimene ndalama yafika. Ndiponso njinga yathu inalibe mlandu. Yatsopano ikanathiridwa oyilo yemweyo, kebulo n'kukokedwa chimodzimodzi, nayonso ikanaterera.

Achiwiri amati amakaniko a kumudzi ndi akuba, amasintha zinthu dala kuti adyepo. Alipo otero, koma mnyamata amene anatikonzera koyamba sindikumuika m'gulu limenelo. Anaphunzira poonerera mnzake, yemwenso anaphunzira poonerera. Akudziwa kumasula ndi kumanga, ndipo manja ake ndi achangu kuposa anga. Chimene palibe anamuuzapo ndi chifukwa chimene chinthu chimawonongekera. Klatchi yoterera ndi klatchi yokakamira, imene imachititsa njinga kudumpha mukalowetsa giya kapena kukana kupeza nyutilo, ndi matenda awiri osiyana, ndipo kawirikawiri loyamba kuliyang'ana ndi kebulo, yomwe kuikonza sikulira ndalama. Munthu amene sanaphunzitsidwe zimenezi, mankhwala ake amakhala amodzi: gulani mapuleti.

Apa ndi pamene ndikuona kuti dziko likugona. Kabaza wa njinga zamoto wafika paliponse, ndipo tikamakamba za iye pa wailesi timangokamba za malaisensi, zipewa ndi ngozi. Zimenezo n'zofunika. Koma klatchi imene yaterera pachitunda, kumbuyo kuli mayi woyembekezera, ndi nkhani ya ngozinso. TEVETA ilipo kuyambira mu 1999 ndipo mabwana onse olemba ntchito amapereka msonkho wa maphunziro a luso. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015. Koma makaniko wa pa Manyamula, yemwe ali ndi mkazi ndi ana, sangatseke malo ake chaka chonse kuti akakhale m'kalasi. Chimene chingamuthandize ndi mphunzitsi womupeza komweko, masiku atatu kapena anayi, m'Chitumbuka, atatsegula injini pamphasa. Bambo aja a kuboma angathe kukhala mphunzitsi woteroyo mawa lomwe atapatsidwa mpata ndi kangachepe. A Malawi Bureau of Standards nawo atayang'ana oyilo wopungula wosalembedwa dzinayu, angapulumutse mainjini ambiri.

Ndikudziwa chimene wakabaza angandiyankhe, chifukwa mng'ono wanga anandiyankha kale: "Akulu, inu mumalankhula za m'buku. Oyilo wotseka ndi wodula, ndipo tsiku lina ndimabwerako ndi ya mafuta yokha." Sakunama. Umphawi umakakamiza munthu kugula cha lero. Koma tinakhala pansi n'kuwerengera limodzi: mapuleti awiri aja, ntchito ya makaniko, galimoto yonyamulira njinga, ndi milungu imene inangokhala pakhoma osabweretsa kanthu. Zonsezo zinaposa kutali kusiyana kwa mtengo wa mabotolo awiriwo. Iye mwini ndiye anamaliza masamuwo, ndipo tsopano amapatula ya oyilo tsiku ndi tsiku m'kachitini, asanagule ndiwo.

Gawo lina la mlandu ndi langa. Ndakhala zaka zitatu pa yunivesite ndikudya ndalama ya njinga imeneyo, ndili ndi foni ndi intaneti, koma sindinaganizepo zofufuza buku lake. Linanditengera mphindi zochepa, ndipo tsamba la oyilo ndi la kebulo ndi loti aliyense wa Fomu 2 angamve. Ambiri a ife timaona zamafuta akuda ngati ntchito ya amene sukulu inawakanika, pomwe fizi yathu ikuchokera m'manja omwewo. Safunsa anadya phula, koma kwathu wofunsidwayo ndinayenera kukhala ine, ndipo ndinalibe yankho.

Choncho ngati kwanu kuli njinga yogula kwa wina ndipo yayamba kulira osathamanga, musanatumize ndalama ya mapuleti funsani zinthu zitatu: kebulo ili ndi mpata? Oyilo ali m'katimo anachokera m'botolo lolembedwa chiyani? Nanga mapuleti achitsulo ndi masipuling'i wina wawayang'ana? Ine ndasindikiza masamba aja, ndawamasulira pamanja, ndipo kope limodzi ndakasiya kwa mnyamata amene anatikonzera koyamba. Analandira ndi manja awiri, n'kufunsa ngati ndingapezenso a kabureta.