Ana ogonera pasukulu ku Mchinji afunsidwe za khungu ndi mbina

Mu 2021, Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, adaulula zikalata za kafukufuku amene kampaniyo idachita mwachinsinsi. Atsikana 32 mwa 100 alionse adati akakhala kuti thupi lawo silikuwasangalatsa, Instagram imangokolezera moto. Nambala imeneyi ndi yoopsa, koma siingatiuze zimene zikumudya mumtima mtsikana wa Fomu 2 amene akugonera pasukulu ku Mchinji. Pakufunika kafukufuku wathuwathu, ndipo mafunso ake achokere konkuno.

Wina anena kuti mafoni ndi oletsedwa m'masukulu ogonera, ndiye vuto lilowera pati? Amenewa sadagonepo mu hositelo. Foni imodzi yobisidwa m'matiresi imaonetsa TikTok chipinda chonse magetsi akazima, ndipo holide ikafika mwana amalipirira zonse zimene adamanidwa. Kunonso kumalire mavidiyo a ku Chipata ndi ku Lusaka safuna womasulira, chifukwa Chinyanja chawo ndi chathu chomwe. Chiletso chimangobisa vutolo. Mukamufunsa mwana kuti amakhala maola angati pa foni, pamene akudziwa kuti kuvomera ndi kuitanitsa makolo, akuyankhani kuti alibe, inu n'kulemba kuti zinthu zili bwino.

Nkhawa yanga yayikulu ili pa mafunso okopera kunja. Mafomu otchuka oyezera nkhaniyi, monga EAT-26 ndi Body Shape Questionnaire, adalembedwa ku Canada ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1980, ndipo mutu wake ndi mantha a kunenepa. Kwathu kuno, azakhali akati "mwanenepa" ndiye kuti akuyamikira. Amene wawonda mwadzidzidzi amanong'onedwa kuti akudwala, chipsera chimene Edzi idatisiyira. Mtsikana wathu angayankhe fomu yotere kuti saopa kunenepa, n'kuwerengedwa m'gulu la osadandaula, pamene m'sutikesi mwake muli botolo la mafuta oyeretsa khungu ndi mapiritsi onenepetsa. Chimene akusirira pa foni ndi khungu lofiira, chiuno chaching'ono ndi mbina yaikulu, thupi limene nthawi zambiri lakonzedwa ndi fiyuta kapena mpeni wa dokotala. Nsima ya nyemba ya pasukulu siingamupatse thupi limenelo, ndiye amakalifuna m'botolo.

Zimene zili m'botolomo si zosewera nazo. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi hydroquinone, masiteroidi kapena mercury. Masiteroidi amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, ndipo mercury imawononga impso. Mapiritsi ndi timadzi tonenepetsa nthawi zambiri ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amagonetsa tulo. Mwana amasinza m'kalasi, aphunzitsi n'kumati ndi ulesi. Malo ochitira chipikisheni a Mchinji-Mwami, amene adatsegulidwa mu 2022, afewetsa malonda, koma tinthu tating'ono ngati timeneti timakwana m'thumba la munthu wodutsa njira zachidule panjinga. Bungwe la PMRA, loona za mankhwala, liyenera kumayendera misika ya m'mbali mwa malire kawirikawiri.

Tisadzinamizenso kuti chikhalidwe chathu chokonda thupi lodzadza chidzatiteteza mpaka kale. Ku Fiji nakonso ankatamanda thupi lojintcha. Wailesi ya kanema itafika m'dera la Nadroga mu 1995, Anne Becker wa ku Harvard adafunsa atsikana a sekondale, ndipo panalibe amene ankadzisanzitsa kuti awonde. Pofika 1998, oposa mmodzi mwa khumi ankatero. Adazindikira kusinthako chifukwa adayeza kawiri. Ifenso tiyeze kumayambiriro a teremu, ana atangochoka pa foni za kunyumba, ndiponso kumapeto kwake.

Mchinji ili ndi poyambira: Ludzi Girls, Magawa ndi Mchinji Secondary zili ndi ana ogonera. Ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ayambe akhala pansi ndi ana komanso amatroni, amve mawu amene ana amatonzana nawo, kenako alembe mafunso m'Chichewa. Afunse za khungu, tsitsi, mawere, msinkhu, ndi amene amakana kujambulidwa popanda fiyuta. Anyamata asasiyidwe, pakuti nawonso akunyamula zitsulo ndi simenti kuseri kwa hositelo kufuna chifuwa cha pa Instagram. Fomu isakhale ndi dzina, mphunzitsi asakhale m'chipindamo, ndipo Unduna wa Maphunziro ulembe kalata yotsimikiza kuti palibe mwana amene adzalangidwe chifukwa chovomera kuti ali ndi foni kapena botolo la mafuta.