Tisawaiwale Mayi Gertrude Kamkwatira

Mukapita m'nyumba zoonetsera mavidiyo kwathu ku Milonde kapena pa msika wa Limbuli, mupeza anyamata akutchula mayina a akatswiri a mafilimu akunja ngati ndi abale awo. Koma muwafunse za Mayi Gertrude Kamkwatira, ambiri angokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Ine ndikuti pamenepa talakwa.

Mayi Kamkwatira anali katswiri wa zisudzo wa kuno kwathu. Ankasewera m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre limene analiyambitsa Du Chisiza Jr. Chisiza atamwalira mu 1999, mayiwa ndiwo anatsogolera gululi, ndipo pambuyo pake anayambitsa lawo lotchedwa Wanna Do. Ankalemba okha masewero, kuwaphunzitsa ndi kusewera nawo. Sewero lawo la It's My Fault linkanena za nkhanza za m'banja, pamene Breaking the News linkanena za matenda a Edzi pa nthawi imene anthu ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Anatisiya mu 2006.

Tsono tiyeni tiyerekeze ndi mayi wina wa ku Ulaya, Audrey Hepburn, amene anabadwa mu 1929 ku Brussels. Iyeyu anatchuka ndi filimu ya Roman Holiday ya mu 1953, ndipo mu 1959 anasewera ngati sisitere mu The Nun's Story. Atakula anagwira ntchito ndi bungwe la UNICEF, nakayendera ana ovutika ndi njala ku Ethiopia mu 1988 ndi ku Somalia mu 1992. Anamwalira mu 1993, koma mwana wobadwa dzulo angathe kumuonabe akuyenda ndi kulankhula, chifukwa anzathu anasunga mafilimu ake mosamala.

Kusiyana kwake kuli pamenepa. Sewero la pa siteji limatha anthu akangoomba m'manja n'kubalalika. Ngati palibe wolijambula, wolisindikiza kapena wolibwereza, limalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Ena anena kuti za zisudzo n'zachibwana, ndipo mwana wa ku seminale alibe nazo ntchito. Enanso kumudzi amati mtsikana wochita zisudzo ndi wopanda khalidwe. Ine ndikukana. Kodi si ife amene timachita sewero la kubadwa kwa Ambuye Yezu pa Khirisimasi, ndi la masautso ake pa Lachisanu Loyera? Kodi gawo la Amayi Maria amasewera ndani ngati si alongo athu? Ngakhale Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963, unavomereza kuti kanema ndi wailesi zingathandize kufalitsa Mthenga Wabwino zikagwiritsidwa ntchito bwino. Luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo tonse tikudziwa zimene zinamuonekera wantchito uja amene anakwirira ndalama ya mbuye wake.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, a kalabu ya zisudzo pano pa seminale afunefune masewero a Mayi Kamkwatira, ndipo akawapeza tiwasewere pamaso pa makolo athu. Chachiwiri, sewero lililonse limene tachita tizilijambula ndi kulisunga mu laibulale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikapanda kusamala zathu, palibe mlendo amene adzatisungire.