Phindu la kafukufuku ndi ana amene akhala ndi moyo

Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera kuona magalimoto a anthu ochita kafukufuku wa zaumoyo. Amafunsa mafunso, amatenga magazi, kenako n'kubwerera kutauni. Makolo salakwa akamafunsa kuti zonsezi phindu lake n'chiyani. Ife tikuti muyeso wa kafukufuku usakhale mabuku amene alembedwa kapena misonkhano ya m'mahotela, koma ana amene apulumuka.

Katemera wa malungo wotchedwa RTS,S ndi chitsanzo chabwino. Mu 2019, Malawi ndiye anayamba kumupereka kusikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira. Mangochi ndi Machinga anali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Madera ena analandira katemerayu msanga, ena pambuyo pake, kuti zotsatira zifaniziridwe. Zipatala zinawerenga ana ogonekedwa ndi malungo aakulu. M'midzi munali anthu olemba imfa za ana, ndipo mabanja ofedwa ankafunsidwa mmene matenda anayendera. Mapeto ake, bungwe la WHO linalengeza kuti m'madera a katemera, pa imfa 100 zilizonse za ana a msinkhu womulandira, 13 zinapewedwa. Limenelo ndi yankho loti mayi wa ku Makanjira angathe kulimva.

Koma chiwerengero chotere sichingapezeke ngati imfa sizilembedwa. Ife Asilamu timaika maliro mwachangu, ndipo n'koyenera kutero. Vuto ndi lakuti mwana womwalirira pakhomo usiku amaikidwa dzuwa lisanapendeke, mlangizi wa zaumoyo osamva kanthu. Mwana amene sanalembedwe, kwa okonza ndondomeko za mankhwala amakhala ngati sanadwale n'komwe. Tikupempha mashehe ndi mafumu kuti akachoka kumanda, uthenga uzifika kwa mlangiziyo.

Makolo nawonso akumbukire kuti katemerayu ndi wa maulendo anayi: mwana akakwanitsa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Ulendo wachinayiwo ndi umene ambiri amauiwala, mwana atayamba kale kuthamanga. Ndipo katemera salowa m'malo mwa neti, chifukwa sateteza kotheratu.

Kwa ochita kafukufuku, magazi a ana athu ndi mayankho athu ndi chikhulupiriro chimene takusungitsani. Mukamaliza ntchito, bwererani pabwalo la mfumu pomwe munapemphera chilolezo, mudzatiuze m'Chiyao ndi m'Chichewa zimene mwapeza, zikhale zokoma kapena zowawa. Mudzi umene wauzidwa zoona sudzakutsekerani khomo mukadzabweranso.