Chobisa Nchiyani ku Nyumba Yachifumu?

Dziko la Britain limakonda kulangiza anzake kuti boma lizichita zinthu poyera. Koma tapemphani kuona makalata a banja lachifumu, mumve momwe zitseko zimalirira.

Lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma adalikhazikitsa mu 2000, nkuyamba kugwira ntchito mu 2005. Nyumba yachifumu sadaiikemo. Zikalata zake amasunga ku Windsor Castle, ndipo wozifuna amachita kupempha kwa eni ake.

Chaka chomwecho cha 2005, mtolankhani wa The Guardian, Rob Evans, adapempha makalata omwe Charles, asadakhale mfumu, ankalembera nduna za boma. Boma lidakana. Khoti litalamula kuti atuluke, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Dominic Grieve, adatsekereza mu 2012. Adatuluka mu 2015 khoti lalikulu litagamula, makalata 27. Zaka khumi zathunthu, abale! Nanga munali zotani? Za alimi, za mankhwala azitsamba, za zida za asilikali ku Iraq. Ufumu sudagwe.

Chotikwiyitsa ife nchakuti mlandu uli mkati, mu 2010, aphungu adasintha lamulolo mwakachetechete. Tsopano makalata a mfumu ndi a anthu awiri otsatira pa mzere wa ufumu satuluka, ngakhale mutati anthu akufunika kudziwa, mpaka patapita zaka 20, kapena zisanu mwiniwake atamwalira.

Amati mfumu sichita ndale, choncho isiyidwe. Chabwino. Ngati sichita ndale, ikuopanji? Mayi wogula nyemba pamsika amadziwa kuti wamalonda wobisa sikelo kuseri kwa thumba ali ndi chifukwa chake. Banjali lidalandira mapaundi 86.3 miliyoni kuchokera kuboma m'chaka cha 2022-23. Wodya za anthu, nkumanong'oneza nduna, asakane kufunsidwa.

Musati nzakutali izi. Kuyambira 1964 mpaka 1966 Mfumukazi Elizabeth ndiyo inali mutu wa dziko la Malawi, woiimirira ku Zomba ali Sir Glyn Jones, nthawi yomwe Kamuzu adakangana ndi nduna zake. Chilichonse chomwe bwanayo adalembera kunyumba yachifumu masiku amenewo ndi mbiri yathu.

Ku Australia, Jenny Hocking adamenya nkhondo kukhoti mpaka mu 2020 adatulutsa makalata a woimirira mfumukazi okhudza kuchotsedwa kwa nduna yaikulu Gough Whitlam mu 1975. Boma lathu ndi aphunzitsi a mbiri ku Zomba alembere ku London, apemphe athu.