Mlembi akadwala, malipiro a mkaka asadwale nawo

Mayi anga ali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka kwathu ku Chiradzulu, ndipo gawo lalikulu la fizi yanga lachokera kwa ng'ombe imeneyo. Tsiku lililonse amadzuka kusanache, amakama, n'kunyamula chigubu kupita nacho ku bulking, kumene alimi a m'deralo amasonkhanitsa mkaka kuti galimoto ya kampani idzautenge. Kumeneko mkaka umayezedwa ngati sunathiridwe madzi komanso ngati sunasase, kenako mlembi amalemba malita m'buku lalikulu. Mwezi ukatha kampani imalipira gulu, gulu limachotsa ngongole za chakudya cha ng'ombe ndi mankhwala, zotsalazo n'kupita kwa mlimi.

Patchuthi chapitachi mlembi wa gulu lawo anagonekedwa m'chipatala mwezi uli pafupi kutha. Malita ankalembedwabe chifukwa wachiwiri wake analipo. Koma kawonkhetsedwe kake, mayina a amene anatenga madeya pangongole, tsiku lotumiza ziwerengero ku kampani ndi munthu woyenera kumuimbira kumeneko, zonsezo zinali m'mutu mwa mlembi yekha. Palibe amene anaba ndalama kapena kuchita ulesi, koma malipiro anachedwa pafupifupi masabata atatu. Ine ndinabwerera kusukulu ndi theka la lendi. Pondiperekeza mayi anati, "Mwanawe, ukawapepese eni nyumba, tidzamaliza alembi akachira."

Nkhani imeneyi yandiganizitsa za njira ziwiri zoyendetsera ntchito yomwe imabwera mwezi ndi mwezi. Njira yoyamba ndi imene ambiri tinazolowera: ntchito iliyonse imaima payokha, ndipo imachitika munthu wina akaikumbukira. Kuwonkhetsa ndi ntchito ina, kuchotsa ngongole ndi ina, kulipira ndi inanso, ndipo chimene chimazilumikiza ndi mutu wa munthu mmodzi. Njira yachiwiri ndi imene m'kalasi timaitcha workflow, yomwe ine ndimaiona ngati unyolo: sitepe imodzi ikatha, yokha imadzutsa yotsatira, ndipo aliyense amadziwa kuti ikachoka kwa iye ikupita kwa ndani. Maganizo anga ndi akuti ntchito iliyonse yobwerezabwereza imene anthu amadyerapo iyenera kuikidwa mu unyolo wotere. Koma ndikutinso unyolowo suyambira pa kompyuta, ndipo apa ndi pamene ife ophunzira timaphonya.

Chitsanzo chabwino chili m'boma lathu lomweli. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, pa nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa sangatheke kuperekedwa kumidzi. Anthu omwa mankhwala atachuluka, madokotala ndi anamwino anachepa, chifukwa aliyense ankayenera kuonedwa pafupipafupi, wodwalika ndi wamphamvu yemwe, onse pamzere umodzi. Mu 2008 anayambitsa dongosolo lakuti munthu wamkulu amene wamwa mankhwala kwa chaka, thupi lake lili bwino ndipo alibe matenda ena, azionana ndi dokotala kamodzi pa miyezi 6, koma mankhwala azilandira pa miyezi 3 iliyonse kwa ma HSA. Taonani chimene anachita. Anasiyanitsa gawo lobwerezabwereza, lomwe ndi kupereka mankhwala omwewo kwa munthu yemweyo, ndi gawo lofuna nzeru za dokotala. Loyambalo analipatsa malamulo omveka ndi masiku odziwika kuti liziyenda popanda kudikira dokotala, ndipo dokotala anatsala ndi nthawi ya amene akumufunadi. Chimene chinasintha zinthu chinali kukhala pansi n'kulemba kuti ndani achite chiyani, liti, ndipo zikavuta abwerere kwa ndani.

Gulu la mkaka lingachite chimodzimodzi ndi zipangizo zimene zilipo kale. Malita a tsiku lililonse akalowetsedwa mu Excel kapena Google Sheets, kuwonkhetsa kumachitika kokha, ndipo ngongole ya madeya ikalembedwa tsiku lotenga, imadzichotsa yokha pa mapeto a mwezi. Fomu ya KoboToolbox imalola kulemba pafoni ngakhale palibe netiweki, n'kudzatumiza ikabwera. Tsiku lotumiza ziwerengero ku kampani lingaikidwe pakalendala ya foni ya anthu atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma, kuti lizilira lokha mwezi uliwonse. Airtel Money ndi TNM Mpamba zakhala m'dziko muno kwa zaka zoposa khumi, ndipo mlimi akhoza kulandira zake popanda msungichuma kuyenda ndi chikwama cha ndalama panjinga. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma magulu ambiri tasenzetsa denga lonse mutu wa mlembi, kenako timadabwa likagwa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kutsutsa, ndipo zina mwa zotsutsazo n'zoona. Choyamba ndi magetsi ndi netiweki. Tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi milatho m'chigawo chakumwera, ndipo kuno ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Masiku amenewo magetsi kunalibe ndipo mafoni ambiri anazima. Dongosolo limene limafa foni ikazima ndi losathandiza kwa mlimi, chifukwa ng'ombe imakamidwa ngakhale kunja kuli chigumula. N'chifukwa chake buku lisatayidwe. Sitepe iliyonse ikhale yolembedwa papepala lomata pakhoma, kuti makina akalephera munthu wina aliyense wa mu komiti athe kuitsatira ndi cholembera.

Chachiwiri n'chakuti makina akalakwitsa amalakwitsira onse nthawi imodzi. Mlembi akaphonya powonkhetsa, wovulala ndi mlimi mmodzi, ndipo mawa amabwera kudzadandaula. Koma mtengo wa lita ukalembedwa molakwika mu Excel, gulu lonse limalandira zolakwika, ndipo ndalama yotumizidwa pa nambala yolakwika kuibweza ndi ntchito. Choncho pakati pa kuwerengera ndi kulipira payenera kukhala munthu. Mndandanda wa malipiro upachikidwe masiku awiri, mlimi aliyense ayerekeze ndi kakhadi kake, ndipo anthu awiri avomereze ndalama isanatuluke. Mayi anga sadziwa Excel, koma malita awo amawadziwa pamtima, ndipo dongosolo lowalanda mwayi wofunsa lingakhale loipa kuposa buku lakale lija.

Chachitatu n'chimene ndimachilemekeza kwambiri. Pali ntchito zina zosayenera kulowa mu unyolo. Ng'ombe ya mlimi ikafa ali ndi ngongole ya madeya, kompyuta idzachotsa ndalamayo mwezi womwewo osaphethira, pamene komiti ikhoza kukhala pansi n'kunena kuti timudikire. Mlimi akaferedwa, akagwidwa atathira madzi mumkaka koyamba, kapena gulu likafuna kukambirana mtengo watsopano ndi kampani, zimenezo ndi nkhani zapazokha, zofuna anthu, ndipo iliyonse imasiyana ndi inzake. Muyezo wanga ndi wosavuta. Ngati ntchito imabwera nthawi yodziwika, masitepe ake sasintha, ndipo kuiiwala kumapweteka munthu, ilowe mu unyolo. Ngati imafuna kuti wina aganize kaye za munthu amene ali patsogolo pake, ikhale payokha.

Tsopano ndilankhule ndi inu anzanga a IT, akaunti ndi bizinesi. Chaka chilichonse timapanga mapulojekiti a ma app a alimi, timawaonetsa kwa aphunzitsi, timakhoza, ndipo app ija imafera mu laputopu. Ambiri a ife sitinakhalepo m'mawa umodzi pamalo olandirira mkaka kuona mzere wa zigubu, kapena kufunsa mlembi chimene chimamudyera nthawi pa 30. Timayamba ndi makina tisanamvetse ntchito, ndiye timangosamutsira chisokonezo cha m'buku kupita mufoni. Ntchitozi zili paliponse: sukulu zapulaiveti zotolera fizi teremu iliyonse, mabanki m'khonde, magolosale a pa Njuli ndi pa Mbulumbuzi oitanitsa katundu sabata ndi sabata ku Limbe. Womaliza maphunziro amene angathe kukhala ndi eni ake, kulemba masitepe awo patsamba limodzi, n'kusankha awiri kapena atatu oyenera kuyenda okha, ali ndi luso loti angadye nalo pamene akudikira ntchito ya mu ofesi.

Ine ndayamba ndi kwathu. Mlembi uja atachira ndinakhala naye masana awiri, iye akufotokoza, ine ndikulemba. Tinapeza masitepe 11 kuyambira pamene chigubu chafika mpaka ndalama italowa m'manja mwa mlimi, ndipo 4 mwa iwo ankawadziwa iye yekha. Pepalalo tsopano lili pakhoma pafupi ndi thanki yoziziritsira mkaka, ndipo wachiwiri wake anayendetsa malipiro a mwezi wotsatira mlembi akungoyang'ana. Za Excel tidzayamba ndikapitanso patchuthi, komiti ikavomereza.