Dazi: mutu osaupereka kwa aliyense

Mu June 2011, katswiri wampira wa ku England, Wayne Rooney, adaulula yekha pa Twitter kuti adapita kuchipatala ku London kukamuika tsitsi pomwe padayamba dazi. Adali ndi zaka 25 zokha. Ambiri adamuseka, koma atatulukira m’bwalo mutu uli bii, abambo ena adayamba kufunsa mtengo monong’ona.

Lero ntchitoyi ndi malonda aakulu, makamaka mumzinda wa Istanbul ku Turkey. Otsatsa ali mbwee pa Facebook: opaleshoni, hotela ndi galimoto yokakuchingamirani pabwalo la ndege, zonse pamtengo umodzi. Abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande amaziona zimenezi, ndipo amene m’thumba mwayamba kulemera amakopeka.

Ine sindikuletsa munthu kudzikonza. Nkhawa yanga ili pa amene wagwira mpeni.

Alimi a fodya andimvetsa msanga. Tsitsi lomwe amakuikanilo siligulidwa kusitolo, ndi lanu lomwe. Dokotala amazula mizu kunkhongo ndi m’mbali mwa mutu, komwe dazi silifikako kawirikawiri, n’kukaiwokera kutsogolo monga timachitira ndi mbande. Dokotala wa khungu wa ku New York, Norman Orentreich, ndiye adafotokoza mu 1959 kuti muzu wochokera kunkhongo umapitiriza kumera ngakhale uwokeredwe padazi.

Vuto nali: nazale imeneyi ndi imodzi basi, ndipo pomwe pazulidwa muzu sipameranso wina. Wosadziwa ntchito akazula mopyola muyeso, nkhongo imatsala yoperepeseka mpaka kalekale, dazi likupitirirabe kukula. Mudzakonzera chiyani mbande zitatha?

Tsono ife a tsitsi lopotanali tili ndi chifukwa china chochenjerera. Muzu wa tsitsi lathu ndi wopindika pansi pa khungu, choncho kachitsulo kozulira kamaudula mosavuta ngati dzanja silidazolowere. Komanso ena a ife bala likapola limasiya chipsera chotupa, chija ena amatuluka nacho akaboola makutu. Musakhutire ndi zithunzi za azungu okhaokha. Muuzeni akuonetseni anthu akuda omwe adawathandiza, ndipo zikhale zojambulidwa patatha chaka.

Bungwe la madokotala a ntchitoyi padziko lonse, International Society of Hair Restoration Surgery, lakhala likuchenjeza za zipatala zomwe dokotala amangobwera kudzajambula mzere pamphumi, kenako n’kusiyira anthu opanda chilolezo kuti acheke ndi kuboola. Ndiye funsani mosachita manyazi kuti adzabaya jakisoni ndani, adzazula ndani, adzaboola ndani, nanga dokotalayo amagwira anthu angati patsiku. Tengani dzina lake lonse mukalifufuze kubungwe lomwe limalembetsa madokotala m’dzikolo. Kuno kwathu ndi Medical Council of Malawi, ku South Africa ndi HPCSA. Satifiketi yapakhoma aliyense atha kusindikiza.

Chomwe chimandipatsa chikhulupiriro kwambiri ndi dokotala yemwe amatha kukubwezani. Si tsitsi lililonse lothothoka lofuna opaleshoni. Chipere, kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimathothola tsitsi, ndipo zili ndi mankhwala ake. Amayi ambiri tsitsi lam’mbali lidatha chifukwa cholukitsa mothina zaka ndi zaka. Vutoli likagwidwa msanga, kungosiya malukidwewo kumathandiza. Mnyamata wa zaka 22 naye dazi lake silidaoneke pothera, ndipo dokotala wabwino angayambe wamuyesa mankhwala monga minoxidil kapena finasteride. Koma amene wangoona chithunzi pa WhatsApp n’kukuuzani kuti tumizani ndalama lero mtengo usadakwere, ameneyo ndi wamalonda.

Pomaliza pali nkhani yobwerera kumudzi. Tsitsi lowokeredwalo limayamba lathothoka pakapita masabata ochepa, n’kuyamba kumeranso pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo maonekedwe enieni amadziwika pafupifupi chaka chikatha. Nthawi yonseyi inu mudzakhala muli ku Mponela kapena ku Luchenza. Bala likayamba kutuluka mafinya, mudzaimbira ndani, ndipo adzakuonani kuti? Yankho la funso limeneli akulembereni papepala musadagule tikiti ya ndege.